Alendo a m'Chigafa cha Apongozi

Loweruka likubwerali tikavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Nasoni Phiri. Papita chaka ndi theka chiwaikire m'manda. Amuna anga a Lameki, omwe ndi mwana wawo wachisamba, alemba kale mbiri yokawerenga kumandako: anabadwa, anabatizidwa, anakagwira ntchito kunja nthawi ya Chitaganya, anabwerako, analima fodya, anasiya ana ndi zidzukulu. Bodza mulibe m'menemo. Koma ine ndaiwerenga kawiri konse, ndipo munthu amene ndinamuphikira zaka zonsezi sindikumupezamo ayi. Mulibe kapenta, mulibe ndodo ya kudambo, mulibe nthambi. Za nthambizo a Lameki safuna n'kumva komwe. Ndiye ndati ndilembe yangayanga ndiisunge m'sutikesi, poti pakamwa panga pano amati pamathamanga.

Ndiyambe ndi kapenta, chifukwa ndi amene anandidziwitsa kuti ndakwatiwa pakhomo pa munthu wotani. Ndinabwera pachitengwa kuno kuchokera kwathu ku Lukwa ndili mtsikana wodzimva kuti kuphika ndimatha. Sabata yoyamba ndinagula kapenta ku Chamama, ndinamukazinga bwinobwino ndi tomato, n'kukatula pakhonde pawo. Mbale inabwerera yosakhudzidwa. Paja kuno munthu ndi mpongozi wake sayang'anana m'maso, ndiye iwo akafuna kundiuza kanthu ankayang'ana mzati wa khonde n'kumalankhula nawo.

"Apongozi, nsombazi zachokera kuti?"

"Ku Chamama, apongozi."

"Ooh. Ku Chamama akumba nyanja masiku ano?"

Ine manyazi anandigwira. Iwo anauuza mzati uja kuti tinsomba timeneti timalowa kuno kudzera ku Zambia, kwawo kwenikweni ndi ku damu lalikulu la Kariba, ndipo kumeneko timadya pamwamba pa manda a anthu. Wodya timeneti, anatero, akutafuna agogo a anzake. Usipa wa ku Nkhotakota ankadya mpaka kunyambita zala. Kapenta sanalowenso m'nyumba mwanga iwo ali moyo, ndipo ngakhale lero ndikamuona pamsika ndimangomudutsa.

Anali munthu wamtali, wouma, wosaseka zachabechabe, koma wa lilime lakuthwa. Fodya ankamudziwa. Ankatenga tsamba n'kuligunditsa patsaya, basi akuuzeni kuti lero musasankhe, aphwanyika, dikirani mawa. Komabe mbewu imene inawadyetsayo sankaikonda. Ankati chigafa chilichonse chimene mukuchiona pa chidikha chino ndi nkhalango imene yagona chagada. Aliyense akamadula, iwo ankabzala, ndipo mikuyu isanu ya m'mphepete mwa kamtsinje ka kudambo anaibzala ndi manja awo atangobwera kumene kuchokera kunjako.

Dzina la Nasoni linali la kutchalitchi ndi la pa chiphaso cha fodya. Pamudzi ankati a Madziakwera. Mvula ikangoyamba, m'mawa uliwonse asanasukusule ankatsikira kudambo, powolokera popita kumanda, pomwe anazika ndodo yotemedwa mizeremizere. Ankagwada, n'kuyeza ndi zala, n'kubwerera. Akafika pabwalo ankalengeza, osati kwa munthu aliyense, kuti madzi akwera zala ziwiri, kapena zitatu. Kamtsinje kake kotani? Koti mbuzi imadumpha! Anthu ankaseka, ine ndemwe ndinkaseka nawo. Iwo ankati madzi oopsa si a chigumula ayi, poti amenewo amabwera ndi phokoso munthu n'kuthawa. Oopsa ndi aja amabwera mwaulemu, chala chimodzi patsiku, osabwereranso m'mbuyo.

Mwana wanga wamkazi atapeza ntchito ku Lifupa, kumalo osungirako nyama zakutchire, anawatenga agogo akewo kuti akaone njovu. Akuti atafika anangoyang'ana damu la kumeneko kamodzi, anavula chipewa, n'kutembenuza mpando. Tsiku lonse anakhala chofulatira madzi, njovu zikumwa kumbuyo kwawo. Atabwera anatiuza kuti tiyi wake anali wabwino.

Tsono nthambi. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chigafa chawochawo, ndipo pangodya ya kumadzulo panatsamira nthambi youma ya tsanya, yotalika ngati munthu, yakuda ndi yosalala chifukwa cha manja. Tsanya kumudzi kuno samera, ndi mtengo wa kuchigwa kotentha. Lamulo linali limodzi: nthambi imeneyo isasiyane ndi dothi. Kusesa, usese mozungulira. Chiswe chikadya mizati, chigafa n'kumangidwa pena, iwo ankaikoka okha pang'onopang'ono, nsonga ikukwekwerezeka pansi, osalankhula, osacheuka, ndipo tonse tinkaima patali mpaka afike. M'mphepete mwa munda wa fodya ankabzala mzere umodzi wa mapira. Mbalame zinkadya theka, theka linalo ankasinja okha n'kumaika m'kachikho pansi pa nthambiyo. Tsiku lina nanenso ndinafunsa mzati wa khonde kuti kodi ufa wa chimanga walakwanji. Yankho linabwera loti alendo awo chimanga sanachizolowere.

Alendo. Umo ndi m'mene ankawatchulira. M'mawa ankawapatsa moni m'chilankhulo chosakhala Chichewa, chosakhala Chitumbuka: mwabuka buti. Akatero ankakhala chete kanthawi kokwanira munthu kuyankha. Malemu apongozi anga aakazi ankati iwo anavomera mwamuna mmodzi, koma atalowa m'banja anapeza akwatiwa ndi mudzi wathunthu.

A Lameki amati ndimakokomeza. Chabwino. Koma andiuze chifukwa chake pangodya imeneyo pankakhala ponyowa mwezi wa Okutobala, zitsime zitauma, fumbi likulowa mpaka m'mano. Chigafa chinasamuka katatu ine ndikuona, chinyezicho chinasamuka nacho katatu. Pankanunkha matope a mumtsinje. Fodya akapachikidwa pamwamba pake ankachita chuku, moti mikangala yopachikapo fodya ya mbali imeneyo tinkaisiya yopanda kanthu. Nkhuku zinkasamba fumbi paliponse m'chigafamo kupatula pamenepo. Galu wawo, amene ankawatsata mpaka kuchimbudzi, akafika pakhomo pa chigafa ankakhala pansi n'kumadikira, makutu ali njo.

A Lameki atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, nthambi inasanduka mlandu. Anthu pakamwa satopa: akuti mwana akugawa Mgonero, bambo ake akuthira nsembe kuseri. Apongozi anaitanidwa kubwalo la mpingo, anapita atavala jekete lawo limodzi lija. Anawauza akuluakuluwo kuti iwo sapembedza mtengo, Mulungu wawo ndi mmodzi, koma ali ndi alendo amene anawasocheretsa okha, ndipo akupempha kuti awaonetse tsamba la m'malemba limene likuti mlendo umuthamangitse. Tsambalo silinapezeke, komabe anawaimitsa Mgonero. Kutchalitchi sanajombe Sabata ndi imodzi yomwe. Ankakhala benchi yakumbuyo, mbale ya mkate ikuwadumpha ili m'manja mwa mwana wawo yemwe, iwo akuimba mokweza kuposa aliyense, mawu ake osokoneza kwaya.

Mkangano waukulu unali wa damu. Apa ndisaname, ine ndinali mbali ya amuna anga. Amene sanathirirepo nazale ya fodya mwezi wa Seputembala asandiuze kanthu: keni dzanja ili, keni dzanja ili, kuchitsime uku ndi uku dzuwa lonse, msana ukulira. Kalabu yathu ya fodya inagwirizana zotseka kamtsinje ka kudambo kuti madzi azikhala chaka chonse, ndipo malo opapatiza oyenera khoma anali m'dimba la apongozi, kumunsi pang'ono kwa powolokera paja.

"Bambo, si Kariba uyu," anatero a Lameki. "Ndi kakhoma ka makasu ndi mawilibala."

"Madziwo mwawauza kuti ndi ka makasu?"

"Palibe nyumba ya munthu imene imire."

"Nanga mikuyu ija? Nanga njira ya kumanda?"

"Tizidzazungulira ku mlatho."

"Inu muzidzazungulira ku mlatho. Amene sadziwa mlatho adzadzera pati?"

Bambo ndi mwana anatha miyezi iwiri osapatsana moni. Ine ndinapsa mtima mpaka ndinawapsereza ndiwo dala, Mulungu andikhululukire. Iwo anadya zopsererazo mbale yonse, n'kuuza mzati kuti zikomo kwambiri.

Nkhani yeniyeni anandiuza chaka chomaliza chimene anasankha nafe fodya. Anali atadwala chifuwa, thupi litatha. Masana ena tinatsala awiri m'chigafa, aliyense atafulatira mnzake, tikumanga ndindi za fodya. Anangoyamba, osakonza ndi kukhosi komwe.

Anapita ku Zambezi asanakwatire, atamva kuti azungu akutseka mtsinje pa Kariba ndipo akulemba anthu. Poyamba anali m'gulu logwetsa nkhalango. Akuti mathirakitala awiri ankakoka unyolo pakati pawo, mitengo imene inaima chilengedwere dziko ikugwa ngati mapesi, kenaka moto, utsi miyezi ndi miyezi. Pambuyo pake anawaika pa lole yosamutsa anthu a m'chigwamo, Atonga a kumeneko, osati athu a kunyanjawa ayi, amene midzi yawo, minda yawo ndi manda awo zinali zoti zimira. Ntchito ya apongozi inali kukweza mitondo, nkhuku, ana ndi nkhalamba, n'kumanga zingwe. Magetsi amene khomalo linkamangidwira, anatero, anthu aja sanalonjezedwe ndi babu limodzi lomwe.

Pamudzi wina panali mkulu amene ankasunga kachisi wa mudziwo. Iyeyo anakana kukwera lole. Anathyola nthambi pamtengo wa pamanda, nati ayenda pansi akuikoka mpaka kumalo atsopano kuti akufa awo aitsatire. Nthambi ikangosiyana ndi dothi, anatero, akufawo aima pomwepo, njira yawasokonekera. Ulendo wake unali wa masiku anayi, munthu wake wokalamba, wotupa miyendo. Mzungu woyang'anira anati lole siidikira mizimu. Ndiye apongozi, poti anali atatolako chilankhulo chawo, ndiwo anapeza nzeru: mkuluyo akwere kutsogolo ndi dalaivala, nthambi imangidwe ndi chingwe kumbuyo kwa lole kuti izikwekwerezeka, iwo akhala kumbuyoko kuiyang'anira. Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anawapatsa nthambiyo ndi manja awiri.

"Apongozi, sunali mwano ayi," anatero. "Tinafika pamiyala. Nthambi ikudumphadumpha, masamba akuthothoka, khungwa likusupuka. Ndinati ithyoka iyi, mkulu uja akalira. Ndinaikoka n'kuigoneka pamiyendo panga ngati mwana. Ndinati ndiibwezera pansi tikadutsa miyalayi. Tsono dzuwa, kugwedezeka kwa lole, kutopa. Ndinagona."

Anadzidzimuka atatsala pang'ono kufika, anaiponya pansi msangamsanga, osauza munthu. Malo atsopanowo anali ouma, a miyala, madzi ake owawa. Pasanapite nthawi ana anayamba kutsekula m'mimba n'kumamwalira, lero khomo ili, mawa khomo ilo. Lole ikabwera ndi anthu ena, apongozi ankapeza timanda tatsopano. Ine ndinayesa kuwauza kuti anapha anawo ndi madzi oipa, si iwo. Anati zimenezo akuzidziwa, koma kudziwa sikunawagonetsepo tulo. Tsiku lina mtima unawakanika, anakagwada kwa mkulu uja n'kuulula. Mkuluyo sanakalipe. Anangoti, tiye ukandionetse pomwe unainyamulira.

Anayenda pansi masiku atatu. Asanafike pamiyala paja, msewu unalowa m'madzi n'kuthera pomwepo. Kutsogolo kunali nsonga za mitengo zokhazokha, m'nthambi muli njoka, anyani owonda atakumbatira mitengo imene anaidya makungwa mpaka kuyera, agwape otupa akuyandama. Kunali zii, akuti, kopanda ndi mbalame yomwe. Mkuluyo anazika kamtengo pouma m'mphepete mwa madziwo, anakhala pansi, n'kudikira mpaka tsinde la kamtengoko linanyowa. Kenaka anawapatsa apongozi nthambi ija. Anati ife satipezanso, madzi akawakuta adzadzuka n'kumafuna manja amene anawanyamula komaliza. Ukaiike pansi kwanu, akaipeze.

"Anatenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti afike kuno," anatero apongozi. "Ndi kutali, ndipo ena mwa iwo ndi ana."

Ndinasuntha pang'ono, poti ndinali nditakhala pafupi ndi ngodya ija. Kenaka anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibwerere ine pamudzi pano. Anatembenuka, n'kundiyang'ana kumaso, n'kunditchula.

"Nabanda. Ndikafa, anthu awa asatsale m'chigafa ngati nkhuku. Lameki adzaiotcha nthambiyi. Inu mudzaikoke mpaka kumanda, akagone pomwe ndikagone ine. Adzukulu okumba manda ndapangana nawo kale. Osalankhula panjira, osacheuka, osainyamula. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Ndikanatani, munthu wamkulu akundiyang'ana choncho?

Anamwalira mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osapuma. Tsiku loika maliro, mapemphero ali mkati pasiwa, a Lameki ali kutsogolo ndi abusa, ine ndinazemba ngati ndikukathandiza ophika. Ndinalowa m'chigafa, ndinapereka moni uja ndi lilime langa lolemerali, n'kugwira nthambi. Abale, kulemera kwake! Kamtengo kouma, koma ngati ndikukoka thumba la feteleza. Ndinadzera m'chimanga kuti anthu asandione. Kumbuyo kwanga nthambi inkalira khwee, khwee, ndipo kuseri kwa kulirako kunali phokoso lina, la mapazi ambiri m'matope, osathamanga. Penapake mwana anakhosomola. Sindinacheuke. Misozi inkangotsika yokha, ya maliro kapena ya mantha sindidziwa.

Powolokera ndinapeza madzi adutsa mzere wapamwamba wa ndodo ya apongozi, ofiira, othamanga. Ndinakwinya chitenje n'kulowa. Atandifika m'ntchafu anayamba kuikoka nthambi kuti andilande. Ndipo ine, kalanga ine, ndinachita chimene mayi aliyense wa kuno amachita ndi katundu akafika pamadzi. Manja anachita okha mutu usanaganize: ndinaisenza. Mapazi anayi, asanu. Nditaponda tsidya m'pamene ndinazindikira. Kumbuyo kunali zii. Ndinaitsitsa, ndinakoka, inabwera yopepuka ngati bango.

Ndikanabwerera. Malo ake ndinkawadziwa, anali pompo, mapazi asanu okha. Koma kubwerera kunali kutembenuka n'kuona amene aima m'madzimo, ndipo ine ndinaopa. Ndinaopa basi, ndilibe chonamizira china. Nyimbo ya operekeza bokosi inali itamveka kale cha ku mlatho, mmodzi wa okumba manda akundikodola. Ndinamupatsa nthambi, anaigoneka pansi m'dzenjemo, bokosi linatsikira pamwamba pake, dothi linakwirira. Bamboyo anandinong'oneza kuti mwagwira ntchito, mayi. Ndinavomera ndi mutu.

Chilimwe chomwecho kalabu inamanga khoma. Ndinawapempha a Lameki kuti ayambe adikira, koma chifukwa chake chinandikanika kunena, ndiye anandiseka kuti matenda a bambo awo andilowa. Omangawo ndinawaphikira ndi manja anga omwewa. Mvula itabwera ndinayamba kutsikira kudambo m'mawa uliwonse kukaona ndodo ija. Chala chimodzi, zala ziwiri, mwaulemu, mpaka inamira, ndi powolokera pomwe. Damu ndi labwino, sindingakane. Nazale zili biriwiri, msana wanga wapuma. Mikuyu isanu ija yauma chiimirire m'madzi. Ng'ombe zimamwa mbali zonse kupatula ya powolokera paja.

Dzulo ndinakasesa kunyumba kwa apongozi, poti abale obwera ku chiliza adzagona kumeneko. Chigafa chawo chikadalipo, udzu wa padenga wabooka mbali imodzi. Chipewa chawo chili pamsomali pomwe anachisiya. Kachikho ka mapira kakunkhulukira kukhoma, kali ndi kangaude. Pangodya ya kumadzulo pali kadzenje kosalala pomwe nsonga ya nthambi inkakhala, ndipo m'kadzenjemo mwauma gwa. Ndinapeza nkhuku ziwiri zikusamba fumbi pomwepo, galu uja atagona pakati pa chigafa, miyendo tambalale. Chaka chino a Lameki anapachika fodya mpaka pangodyapo, ndipo anauma bwino, wopanda chuku ndi tsamba limodzi.

Kwa apongozi alendo aja anayenda zaka zisanu ndi ziwiri. Kuchokera kudambo kufika kukhitchini kwanga ndi ulendo woti madzi a pamoto sanawire. Sabata yatha ndinapeza kuseri kwa chitseko cha khitchini kwanyowa, ndinati mwina ndowa ikudontha. Ndowa ndinaichotsa. Uno ndi Seputembala, fumbi lili m'mano, ndipo pakadali ponyowa. Mbewu ya mapira ndapempha kale kwa anansi, moni wawo ndimautha. Koma apongozi anali ndi nthambi yowaperekezera kumanda. Ine ndinaikwirira.